Lucius Banda, Woyimba wa ku Balaka

Kwa aphunzitsi ndi makolo: Nkhani iyi ili ndi magawo 8. Muwawerengere ana gawo limodzi pa tsiku, mokweza ndiponso mosafulumira. Mukatha, afunseni mafunso amene ali pansi pa gawolo. Ana ayankhe ndi pakamwa. Zowerenga, zolemba ndi zoyesa zili kumapeto.

Gawo 1: Kaseti ya agogo

Ine ndine mtsikana wa kalasi yoyamba. Kwathu ndi ku Kalomwe, m'boma la Angonia. Kwathu kuli mapiri. M'mwezi wa Juni kumazizira kwambiri. Timalima cimanga, nyemba, kabici ndi mbatata ya kacewere.

Ndili ndi acimwene anga. Iwo ali m'kalasi yacinayi. Acimwene anapanga gitala ndi cigubu ca mafuta, thabwa ndi mawaya atatu. Amaimba bwino. Koma masiku ena sapita kusukulu. Amapita kumalire kukanyamula katundu wa anthu. Akuti akufuna ndalama zogulira gitala yeniyeni.

Tsiku lina madzulo tinali kuwotha moto. Amayi anafunsa kuti, "Kodi lero unapita kusukulu?"

Acimwene anayankha kuti, "Ayi, amayi. Ine ndidzakhala woyimba. Woyimba safuna sukulu."

Agogo aamuna sanalankhule. Analowa m'nyumba. Anatuluka ndi wailesi yao yakale, ya kaseti. Anaika mabatire. Anapukuta kaseti ndi malaya ao, naiika m'wailesi. Nyimbo inayamba.

Ine ndinafunsa kuti, "Agogo, akuimbayo ndani?"

Agogo anati, "Ameneyu ndi Lucius Banda, mdzukulu wanga. Anamwalira, koma mawu ake ndi awa. Khalani pansi nonse awiri. Ndikuuzani mbiri yake."

Mafunso
1. Mtsikanayu kwao ndi kuti?
2. Acimwene ake anapanga gitala ndi ciani?
3. Agogo anatulutsa ciani m'nyumba?

Gawo 2: Njira ya ku Balaka

Agogo anatola kamtengo. Anajambula mzere pansi.

Anati, "Apa ndi pa Kalomwe, pamene tili. Mzerewu ndi malire. Tsidya ili ndi Mozambiki. Tsidya ilo ndi Malawi. Ukaoloka malire, ufika ku Dedza. Ukakwera basi yolowera kumwera, udutsa pa msika wa Lizulu. Kenaka udutsa ku Ntcheu. Ukatsika mapiri, ufika ku Balaka."

Ine ndinati, "Kodi ku Balaka kumazizira ngati kuno?"

Agogo anaseka. Anati, "Ayi. Ku Balaka kumatentha. Kuli mitengo ya malambe. Anthu amalima thonje. Kumadutsanso sitima ya pamtunda. Kumeneko kuli mudzi wa Sosola. Lucius Banda anabadwira m'mudzi umenewo pa 17 Ogasiti 1970."

Acimwene anafunsa kuti, "Nanga inu agogo, munamudziwa bwanji munthu wa dziko lina?"

Agogo anakhala cete pang'ono. Kenaka anati, "Kuno kunali nkhondo. Anthu ambiri a ku Angonia tinathawira ku Malawi. Ine ndi agogo anu aakazi tinakhala ku Dedza. Pa 4 Okutobala 1992 atsogoleri athu anasainirana pangano la mtendere mu mzinda wa Roma. Pambuyo pake tinabwerera kwathu. Koma msika wa tsidya ilo sitinausiye. Kaseti iyi ndinagula komweko."

Ine ndinati, "Agogo, ndikumva zimene akuimba!"

Agogo anati, "Ungalephere bwanji kumva? Ku Malawi amati Cicewa. Kuno timati Cinyanja. Koma cinenero cake ndi cimodzi. Malire amagawa minda, sagawa lilime."

Mafunso
1. Ukaoloka malire pa Kalomwe umafika kuti?
2. Lucius Banda anabadwira m'mudzi uti?
3. N'cifukwa ciani mtsikanayu anamva mawu a nyimbo?

Gawo 3: Mng'ono atsata mkulu wake

Mawa lake madzulo tinakhalanso pamoto. Agogo anapitiriza nkhani.

Lucius anali ndi mkulu wake. Dzina lake Paul Banda. Paul ankaimba m'gulu lochedwa Alleluya Band. Gululi linayamba m'caka ca 1978 pa chalichi ca Katolika ca ku Balaka. Wansembe wina wocokera ku Italy, Bambo Mario Pacifici, ndiye anathandiza anyamatawo. Paul Banda ndiye ankatsogolera gululo.

M'caka ca 1983 Lucius anayamba kuimba ndi mkulu wake. Pamenepo anali ndi zaka 13. Sanayambe ndi kutsogolera. Anayamba ndi kumvera. Anaona mmene akuluakulu amagwirira zoimbira. Anaphunzira nthawi yoyamba nyimbo ndi nthawi yoimaliza. Anakhala m'gululo zaka zambiri asanatulutse cimbale cakecake.

Agogo anayang'ana ine. Anati, "Amayi ako akamasinja ndi anzao pamtondo, amaimba bwanji?"

Ine ndinati, "Mmodzi amayambitsa. Ena amavomera."

Agogo anati, "Eya. Pa cintali ndi comweco. Pa ngoma, gule wa makolo athu Angoni, ndi comweco. Woyambitsa ndi mmodzi, ovomera ndi ambiri. Popanda ovomera nyimbo sikoma. Ndipo amene akuyambitsa lero, dzulo anali wovomera."

Acimwene anafunsa kuti, "Kodi iye sanafulumire kuchuka?"

Agogo anati, "Werenga wekha. Anayamba m'caka ca 1983. Cimbale cake coyamba cinatuluka m'caka ca 1994. Zapita zaka zingati?"

Acimwene anawerenga ndi zala. Zala za manja onse zinatha. Anawonjezera cala cimodzi ca kuphazi. Anati, "Zaka 11."

Agogo anati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Mafunso
1. Mkulu wake wa Lucius dzina lake ndani?
2. Lucius anali ndi zaka zingati pamene anayamba kuimba m'gulu?
3. Pa nyimbo za pamtondo, ndani amayambitsa? Ndani amavomera?

Gawo 4: Nyumba yojambulira mawu

Tsiku lacitatu ine ndinatenga kaseti m'manja. Ndinaiyang'ana uku ndi uku. Ndinati, "Agogo, mawu a munthu amalowa bwanji m'kanthu kakang'ono aka?"

Agogo anati, "Ika dzanja pakhosi pako. Tsopano unene kuti aaa."

Ndinacita. Pakhosi panga pananjenjemera.

Agogo anati, "Mawu ndi kunjenjemera kumeneko. Kumacoka pakhosi, kumayenda mumpweya, kumafika m'khutu. Pali makina amene amagwira kunjenjemerako ndi kukusunga. Makinawo amakhala m'nyumba yojambulira mawu. Oyimba amaicha situdiyo."

M'caka ca 1993 Lucius anapita ku Johannesburg, m'dziko la South Africa. Anakaphunzira za nyimbo pa malo ochedwa Dorkay House. Mu mzinda womwewo anajambula cimbale cake coyamba. Dzina la cimbaleco ndi la Cingerezi, Son of a Poor Man. M'cinenero cathu ndiye kuti mwana wa munthu wosauka.

Mu situdiyo mumakhala zii. Zitseko ndi zipupa zake ndi zocindikala. Phokoso la galimoto sililowa. Tambala akalira panja, samveka. Woyimba amaima pafupi ndi maikolofoni. Kumakutu amavala zomvera. Munthu wina amakhala pa makina. Nchito yake ndi kumvetsera ndi kujambula.

Kawirikawiri sajambula zonse nthawi imodzi. Amayamba ndi ng'oma. Kenaka gitala ya mawu aakulu, ija ya besi. Kenaka zoimbira zina. Kenaka woyimba wotsogolera. Kenaka ovomera. Pomaliza, munthu wa pa makina uja amasakaniza zonse. Ici acikweze pang'ono, ico acitsitse pang'ono, mpaka zimveke bwino pamodzi.

Woyimba akalakwa mawu amodzi, amabwereza. Akalakwanso, amabwerezanso. Nyimbo ya mphindi zisanu ingathe kutenga tsiku lathunthu.

Alipo anthu amene nchito yao ndi kuvomera nyimbo za anzao mu situdiyo. Nkhope zao sizioneka pa cikuto ca kaseti, koma mawu ao timawamva. Mmodzi wa amene anavomera pa cimbale coyamba ca Lucius anali mayi wa ku South Africa, Deborah Fraser. Mayiyu anavomera nyimbo za oyimba ambiri kwa zaka zambiri. Pambuyo pake anachuka payekha ndi nyimbo za Mulungu.

Ine ndinakondwa. Kusukulu ndimacita manyazi kuyambitsa nyimbo. Ndimakonda kuvomera. Sindinkadziwa kuti kuvomera nakonso ndi nchito.

Mafunso
1. Ukaika dzanja pakhosi n'kulankhula, umamva ciani?
2. N'cifukwa ciani zipupa za situdiyo zili zocindikala?
3. Woyimba akalakwa amacita ciani?

Gawo 5: Msilikali wopanda mfuti

Tsiku lacinayi acimwene ndiwo anayamba kufunsa. Anati, "Agogo, ndinamva anthu kumalire akumuchula kuti Soja. Kodi anali msilikali?"

Agogo anati, "Mfuti sanagwire. Anthu anamupatsa dzinalo cifukwa ankamenyera nkhondo anthu osauka ndi nyimbo zake."

Kale ku Malawi kunali cipani cimodzi cokha. Anthu ankaopa kulankhula zimene zikuwapweteka. Pa 14 Juni 1993 anthu anaponya voti, nasankha kuti zipani zikhale zambiri. Pa 17 Meyi 1994 anasankha mtsogoleri watsopano. Nyimbo za Lucius zinatuluka pa nthawi imeneyo. Nyimbo ina ya pa cimbale coyamba inali Mabala. Inkanena za zowawa zimene anthu anaona m'zaka za mantha. Anthu ataimva anati, uyu wanena zimene zinali m'mitima yathu.

Zimbale zina zinatsatira. M'caka ca 1995 kunatuluka Down Babylon. M'caka ca 1996 kunatuluka Cease Fire, kutanthauza kuti lekani kuombera. Maina a zimbale anali a Cingerezi, koma nyimbo zambiri zinali m'cinenero cathu. Ankaimba za umphawi, za ana amasiye, za cikondi, za Mulungu, ndi za atsogoleri oiwala anthu ao.

Kaimbidwe kake kanali ka rege. Rege inacokera ku cilumba ca Jamaica, kutali kutsidya la nyanja yaikulu. Anyamata a ku Balaka anaitenga, naisakaniza ndi maimbidwe a kuchalichi ndi a kumudzi. Anthu anayamba kunena kuti iyi ndi rege ya ku Balaka.

Agogo anati, "Ife amene tinaona nkhondo, nyimbo zimenezi tinazimva msanga. Amene anagonapo ndi njala safuna womumasulira nyimbo ya njala."

Acimwene anati, "Ine nyimbo zanga ndimangoimba za anthu ena."

Agogo anati, "Ndi poyambira pabwino. Koma tsiku lina udzafuna kupeka yako. Udzanena ciani? Ndipo udzailemba pati kuti usaiiwale?"

Acimwene sanayankhe.

Mafunso
1. N'cifukwa ciani anthu anamucha Lucius kuti Soja?
2. Chulani zinthu ziwiri zimene ankaimba.
3. Inu mutapeka nyimbo, inganene za ciani?

Gawo 6: Mutu umodzi susenza denga

M'caka ca 1997 Lucius anayambitsa gulu lake. Dzina lake Zembani Band. Gululi linkayenda m'maboma a ku Malawi ndi m'maiko ena. Linali ndi oimba ng'oma, oimba magitala, ovomera ndi ovina.

Lucius sanaiwale kuti iye anaphunzira m'gulu la mkulu wake. Nayenso anathandiza anzake amene ankayamba kumene. Ena mwa iwo ndi Billy Kaunda ndi Mlaka Maliro. Awiriwa anadzachuka kwambiri. Mkulu wake Paul anatsegula situdiyo ku Balaka komweko, yochedwa Imbirani Yahwe. Oyimba ambiri anajambulira nyimbo zao kumeneko, osapita kunja kwa dziko.

M'caka ca 2010 Lucius anayambitsa cikondwerero ca nyimbo ca pamcenga, m'mphepete mwa nyanja. Dzina lake Sand Music Festival. Nyanja imeneyi a ku Malawi amaicha nyanja ya Malawi. Ife a ku Mozambiki timaicha Niassa. Oyimba a maiko osiyanasiyana ankabwera kudzaimba kumeneko.

Agogo anafunsa acimwene kuti, "Gulu la anthu khumi likaimba, ndalama azigawana bwanji?"

Acimwene anati, "Aziwerenge, kenaka agawe."

Agogo anati, "Nanga mwini holo akabwera ndi pepala la pangano kuti usaine, udzadziwa bwanji zimene zalembedwamo?"

Acimwene anati, "Ndidzawerenga."

Agogo anati, "Wanena wekha. Woyimba amawerenga ndalama. Amawerenga pangano. Amalemba mawu a nyimbo. Amalemba kalata. Wosadziwa zimenezi amaimba iye, ndalama n'kudya ena."

Mafunso
1. Gulu la Lucius dzina lake ndi ciani?
2. Chulani woyimba mmodzi amene Lucius anamuthandiza.
3. Woyimba amawerenga ciani? Amalemba ciani?

Gawo 7: Tsiku lovuta

Tsiku lacisanu ndi cimodzi agogo sanayatse wailesi. Anati, "Lero nkhani yake ndi yowawa. Koma mbiri ya munthu timainena yonse."

M'caka ca 2004 anthu a kumpoto kwa Balaka anasankha Lucius kuti akhale phungu wao ku Nyumba ya Malamulo. Phungu ndi munthu amene amapita kukalankhula m'malo mwa anthu a dera lake.

M'caka ca 2006 kunabuka mlandu. Unali mlandu wa satifiketi ya sukulu imene iye anapereka pofuna uphungu. Satifiketi ndi pepala losonyeza kuti munthu anakhoza mayeso. Bwalo la milandu linati pepalalo silinali loona. Lucius anataya mpando wake. Anatsekeredwa m'ndende ya ku Zomba. Atacita apilo, anatuluka m'caka comweco.

Ine ndinamva cisoni. Ndinati, "Agogo, kodi analeka kuimba?"

Agogo anati, "Sanaleke. Atatuluka anajambula cimbale cochedwa Cell 51 Maximum. Dzinali likukumbutsa cipinda ca m'ndende. Anthu anapitiriza kumukonda. M'caka ca 2014 anamusankhanso kukhala phungu. Munthu akagwa amadzuka."

Kenaka agogo anatembenukira kwa acimwene. Analankhula motsitsa mawu. Anati, "Mdzukulu wanga, taona. Munthu uyu anali ndi mawu okoma. Anali ndi gulu lake. Dziko lonse linkamudziwa. Koma tsiku lina anamufunsa pepala la kusukulu, ndipo nkhani ya pepalalo inamuvutitsa. Pepala limeneli siligulidwa pamsika. Umalitenga wekha, pang'onopang'ono, utakhala m'kalasi. Nthawi yake ndi ino, pamene uli mwana."

Acimwene anawerama. Ankakanda pansi ndi cala.

Mafunso
1. Phungu amagwira nchito yanji?
2. Satifiketi ndi ciani?
3. Lucius atatuluka m'ndende anacita ciani?

Gawo 8: Mawu atsala

Lucius Banda anatulutsa zimbale zoposa 15. Zoyamba zinali pa makaseti. Zina zinatuluka pa ma CD. Lero anthu amamvera nyimbo zake pa wailesi ndi pa foni.

M'zaka zake zomaliza anadwala matenda a impso. Anamwalira pa 30 Juni 2024 m'cipatala ku Johannesburg, mzinda womwe uja anajambulirako cimbale cake coyamba. Anali ndi zaka 53. Anamuika m'manda kwao ku Balaka. Pa maliro ake panasonkhana anthu ambirimbiri.

Agogo anayatsanso wailesi. Tinamvera nyimbo imodzi mpaka kumapeto. Amayi anavomera ali kutsuka mbale. Inenso ndinavomera.

Agogo anati, "Mwamva? Mwini wake kulibe, koma mawu alipo, cifukwa anawasunga mu kaseti. Kulemba ndi cimodzimodzi. Ukalemba mawu papepala, amakhala. Mdzukulu wako adzawawerenga iwe kulibe."

Lolemba m'mawa kunali cisanu. Ine ndinasamba, ndinatenga buku langa. Nditatuluka panja, ndinapeza acimwene aima pakhomo. Kudzanja limodzi anali ndi buku. Kudzanja lina anali ndi gitala yao ya cigubu.

Amayi anati, "Gitalayo ukupita nayo kuti?"

Acimwene anati, "Kusukulu, amayi. Ndikawapempha aphunzitsi kuti ndiimbe tikaweruka. Ndayamba kupeka nyimbo yanga. Mizere iwiri ndalemba kale."

Anandiyang'ana, nati, "Iwe udzavomera."

Tinanyamuka limodzi.

Mafunso
1. Lucius Banda anamwalira caka citi?
2. Kaseti imasunga ciani? Nanga pepala limasunga ciani?
3. Acimwene ananyamula ciani popita kusukulu?

Tiwerenge

a e i o u
mba mbe mbi mbo mbu
nya nye nyi nyo nyu
ng'a ng'e ng'i ng'o ng'u

nyi-mbo, nyimbo
i-mba, imba
ng'o-ma, ng'oma
gi-ta-la, gitala
ka-se-ti, kaseti
ma-wu, mawu

Ine ndiimba nyimbo.
Agogo ali ndi kaseti.
Ng'oma ikulira.
Amayi avomera nyimbo.

Ombani m'manja kamodzi pa phatikizo lililonse. Nyi-mbo: kawiri. Gi-ta-la: katatu. Nanga dzina lanu, muomba kangati?

Tilembe

Malizitsani mawu awa m'makope mwanu.
nyi _ _ _
ng'o _ _
ka _ _ ti
gi _ _ la

Jambulani coimbira cimodzi cimene munacionapo kumudzi kwanu. Lembani dzina lake pansi pa cithunzico.

Tiwerengere

1. Tolani timiyala 13. Izi ndi zaka za Lucius pamene anayamba kuimba m'gulu. Cotsanipo timiyala tokwana zaka zanu. Tatsala tingati?
2. Gitala ya acimwene ili ndi mawaya 3. Gitala ya m'sitolo ili ndi mawaya 6. Ya mawaya ambiri ndi iti? Yaposa ndi angati?
3. Pamtondo pali woyambitsa 1 ndi ovomera 4. Onse pamodzi ndi angati?

Tiyese

Mcenga wovina. Ikani mcenga pang'ono pamwamba pa ng'oma. Imbani ng'omayo pang'onopang'ono m'mphepete. Yang'anani mcenga. Ukudumpha cifukwa cikopa cikunjenjemera. Gwirani cikopa ndi dzanja. Mcenga waleka kudumpha, ndipo ng'oma yaleka kulira.

Foni ya zitini. Pezani zitini ziwiri zopanda kanthu ndi cingwe cacitali. Munthu wamkulu aboole pansi pa citini ciliconse ndi msomali. Lowetsani cingwe, mumange mfundo mkati. Mwana mmodzi aime uku, wina uko, cingwe cikungike. Mmodzi alankhule m'citini, wina aike citini kukhutu. Mawu ayenda m'cingwe. Tsopano cingwe cilekereni cigwe pansi. Kodi mukumvanabe?

Situdiyo ya m'kalasi. Gawanani magulu atatu. Gulu loyamba liombe m'manja. Gulu laciwiri livomere. Mwana mmodzi ayambitse nyimbo imene nonse mumaidziwa. Gulu lacitatu limvetsere, linene amene akweza kwambiri ndi amene sakumveka. Bwerezani mpaka zimveke bwino. Kenaka sinthanani.

Mawu a Cipwitikizi

Aphunzitsi achule, ana abwereze.
nyimbo: canção
woyimba: cantor
woyimba wamkazi: cantora
mawu a pakhosi: voz
ng'oma: tambor
wailesi: rádio
malire: fronteira
mtendere: paz

Kwa makolo

Nkhani iyi muimvere pamodzi ndi ana anu madzulo. Ngati simudziwa kuwerenga, mwana wamkulu kapena mnansi akuwerengereni, inu mufotokoze zimene mukudziwa. Ambiri a inu munakhalako ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Lilongwe pa nthawi ya nkhondo. Auzeni ana mmene munayendera ndi mmene munabwerera. Zimenezo m'buku muno mulibe, zili ndi inu.

Phunzitsani mwana wanu nyimbo imodzi ya makolo, kaya ya pamtondo, ya kumunda kapena yotonthoza mwana. Muuzeni amene anakuphunzitsani nyimboyo. Mawa akaiimbe m'kalasi, ndipo aphunzitsi adzalemba mawu ake pabolodi. Mwana akaona nyimbo ya agogo ake italembedwa, amadziwa kuti cinenero ca kwao naco cimalembedwa. Amene wadziwa kuwerenga m'cinenero cimene anayamwira savutika kwambiri akayamba kuwerenga Cipwitikizi, cifukwa zilembo zambiri wazidziwa kale.

Kuno kumalire ana amaona ndalama msanga. Wina anyamula katundu, wina agulitsa kacewere, ndipo sukulu imaoneka ngati yocedwetsa. Mwana akakhala ndi luso la kuimba, kuvina kapena kusema, musamuletse, ndipo musamuswere gitala yake. Mupanganeni naye nthawi: m'mawa kusukulu, madzulo luso lake. Tsiku la msika musamutume nchito yomujombetsa. Akabwera kusukulu, mufunseni kuti akuonetseni cimene walemba lero, ngakhale citakhala cilembo cimodzi. M'mera mpoyamba.